Tsiku lotembenuka lathamangitsira mkazi wanga ku Sinda

Inu bambo wokonza mafoni pa kashopu kobiriwira, pafupi ndi pokwerera maminibasi ku Katete, mwandivula pamaso pa apongozi. Dzina sinditchula. Mukudzidziwa.

Lolemba, 9:20 m'mawa, ndinabwera ndi mafoni awiri. Ntchito yake inali imodzi: kusamutsa mapasiwedi athu, anga ndi a mkazi wanga amake Dalitso, kuchoka mu pulogalamu yosungiramo ya foni yakale kupita mu ya foni yatsopano. Munati K80. Ndinapereka. Foni inafunsa kanthu, inu n'kudina osawerenga. Nditafunsa munati, "Ni vocabecabe ivi, bwana, osavutika."

Kunyumba ndinatsegula pulogalamu yatsopano ija. Pa akaunti yochezera ya mkazi wanga panalembedwa kuti pasiwedi inasinthidwa pa 5 Ogasiti. Pa 5 Ogasiti ine ndinali ku Vubwi, sabata yathunthu ndikugula mtedza. Ndiye munthu amasinthiranji pasiwedi mwamuna atachoka?

Amake Dalitso anakana. Analira. Anati tinasinthira limodzi mu Meyi, titakhala pakhonde, ataiwala yakale. Ine ndinamuloza ndi foni kumaso ngati wapolisi, ndikuti makina sanama. Ndinaitana ankhoswe.

Loweruka, 2 koloko, anakhala pamphasa. Wa kwathu, ndi wa kwawo, a Banda, malume ake, mphunzitsi wopuma ntchito. Apongozi anga aakazi anachokera ku Sinda pa minibasi. Ndinalankhula nthawi yaitali, mawu ena sindingawabwereze pano.

A Banda anapempha foni. Anavala magalasi, n'kumatsitsa pang'onopang'ono.

"Akamwini, pasiwedi yanu ya kubanki munasintha liti?"

"Mu Malichi, pa 12."

"Pano palembedwa 3 Disembala. Tili mu Seputembala. Kapena inu mumakhala kutsogolo kwa ife tonse?"

Palibe anaseka. Bola akanaseka.

A Banda anafotokoza modekha. Pulogalamu yakale imayamba ndi mwezi, kenako tsiku. Yatsopano imayamba ndi tsiku. Pa 8 Meyi inatuluka 05/08, inayo n'kuwerenga 5 Ogasiti. Masiku opitirira 12 anangosowa, malo ake opanda kanthu, chifukwa mwezi wa 13 kulibe. Kenako anafunsa funso limene likundiwawa mpaka lero.

"Nanga munayesako kutsegula ndi pasiwedi yomwe mukuidziwayo?"

Sindinayese. Ndinayesa pomwepo, onse akuyang'ana. Inatseguka. Munali zithunzi za Dalitso ndi mauthenga a kwaya basi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Madzulo amake Dalitso anamanga katundu m'chitenje, n'kukwera minibasi ndi amayi awo.

Lolemba lotsatira, 8:05, ndinali pa shopu panu. Mukukumbukira zimene munayankha? Munati inu munakopera mapasiwedi, za madeti si ntchito yanu. Munati, "Nanga mapasiwedi sasebenza?" Kenako munandiuza kuti kukonza ndi K50 ina. Funso limene munalumpha lija linali lofunsa kuti masiku awerengedwe bwanji. Masekondi asanu kuwerenga! Munali kuthamangira kuti? Ndi angati ena mwawatembenuzira masiku m'tauni muno?

Koma ndisaname. Inu munadina batani, pakamwa panali panga. Zaka khumi ndi chimodzi m'banja, ndinakhulupirira kalembedwe ka foni kuposa munthu amene anandisamalira nditagona ndi malungo. Manyazi amenewa sindingawasiye pa kauntala yanu.

Anzanga, mukasamutsa mapasiwedi, imani pomwepo. Sankhani tsiku limodzi limene mukulikumbukira bwino, muone ngati lafika momwe linalili. Foni yakale musafufute msanga.

Loweruka likubwerali ndikupita ku Sinda ndi nkhoswe wanga, tambala m'manja, kukagwada. Kaya akandilandira.

Dzulo ndinayesanso kutsegula akaunti ija. Yakana. Ulendo uno wasinthadi, ndipo tsiku lake ndikulidziwa bwino.