Makona a Amalume

Ndinali pansanja, njerwa ili m'manja, pamene mayiyo anaima pansi pa khoma n'kuyang'ana wotchi. Anali wa ku ofesi ya kampani imene inatilemba kuti timange makalasi awiri kumunsi kwa phiri la Michesi. Ananyamula kope ndi cholembera. Nsapato zake zinalibe dothi.

"Pitirizani, bambo," anatero. "Musasamale za ine."

Kapitawo anali atatiuza m'mawa. Akuluakulu akufuna kudziwa kuti mmisiri mmodzi amaika njerwa zingati patsiku, kuti akonze bwino masiku a ntchito yotsatira, ya nyumba za aphunzitsi ku Chiwalo. Sananene kuti akusankha anthu.

Amisiri tinalipo asanu. Wamkulu anali amalume, alongo awo a mayi anga, amene anandiphunzitsa kumanga nditasiya sukulu. Munda wawo kuchigwa unakwiririka ndi mchenga madzi atasefukira. Chakudya cha pakhomo pawo chinkachokera pakhoma basi. Ntchito ya ku Chiwalo ankaidikira kuti iwaolotse miyezi ya njala.

Tinkamanga chonchi. Amalume ankadzutsa makona. Ife tinkakoka chingwe kuchoka kona ina kufika ina, n'kudzaza pakati. Pakati n'posavuta. Umatsata chingwe, dzanja limapita lokha. Pakona njerwa iliyonse imafuna levulo, choyezera kuongoka, mbali ziwiri. Kona ikapendekeka, khoma lonse lapita. Ndiye makona tinkasiyira amalume, ndipo panalibe wotsutsa.

Sabata imeneyo kunali chiperoni. Phiri silinaoneke mpaka Lachinayi. Matope ankaluma zala. Koma ife anayi tinathamanga ngati atilonjeza mbuzi. Munthu akakuimira ndi wotchi, manja samva.

"Iwe, wamwa chiyani lero?" anandifunsa mnzanga wina wa ku Migowi. "Dzana unkawodzera pathumba la simenti."

"Yang'ana mzere wakowo. Ukuyenda ngati ukuchokera kumowa."

Mayi wa ku ofesi uja ankalemba. Akafika kwa amalume, cholembera chinkaima. Iwo ankaika njerwa, kuigogoda, kuikapo levulo, kuichotsa, kuonjezera matope, kuibwezera.

"Agogo, imeneyo si yomwe ija?"

"Ndi yomweyo, mama. Sinakhale bwino."

"Ndiye ndiwerenga kamodzi."

"Werengani mmene anakuphunzitsirani."

Tsiku lachitatu tinawapeza. Tinadzaza mizere yonse mpaka pamene makona anathera, n'kuima manja lende. Mayi anabwera, n'kufunsa chimene taimira. Woyankha ndinali ine.

"Tikudikira kona."

Analemba. Sindinaname. Koma sindinamuuze kuti masiku onse sitidikira, kuti liwiro limeneli ndi la wotchi yake, ndipo sitingalisunge mwezi wathunthu. Sindinamuuzenso kuti njerwa zathu zikuyenda msanga chifukwa chingwe chamangidwa pakona yoongoka. Ndinkaganiza kuti amadziwa. Anapita kusukulu kuposa tonsefe.

Lachisanu anakwera galimoto, osabweranso.

Tsiku lomaliza, malata atakhomedwa, kapitawo anatiitana kuseri kwa kalasi ali ndi pepala. Ofesi yaona kuti ku Chiwalo amisiri anayi akwanira. Anawerenga mayina. Langa linali loyamba. La amalume panalibe.

"Nanga makona?" anafunsa wa ku Migowi.

"Pepalali silikunena za makona," anatero kapitawo. "Likunena njerwa. Likunenanso kuti anthu anayi ankadikira munthu mmodzi." Anandiloza ndi chibwano. "Wamanja othamangawe, udzadzutsa ndiwe."

Amalume anapita kumgolo wa madzi kukatsuka zida zawo. Anatsuka pang'onopang'ono, chimodzichimodzi. Ena anabalalika. Ine ndinapita kukatenga chikwama changa, chimene chinali pafupi ndi mgolowo.

"Mphwanga," anatero, maso ali m'madzi. "Kona usamaidzutse mizere yambiri nthawi imodzi. Matope akadali aawisi imakankhika."

"Ndamva."

"Ndipo levulo yakoyo ndi yabodza. Uiyese pakhoma lakale usanayambe."

"Ndamva, amalume."

Anapukuta manja pathalauza. Kenako anandiyang'ana. Zaka zonse zimene ndawadziwa sanandipemphepo kanthu, ngakhale fodya.

"Kapitawo amakumvera iwe tsopano. Ukalankhulako? Ungonena mmene timamangira. Iye akauze a ku ofesi."

Kapitawo anali chapomwepo, akumanga wilibala pagalimoto. Mapazi makumi awiri okha. Koma malo anali anayi. Wina akalowa, wina atuluka, ndipo akamva kuti liwiro lija linali la sabata imodzi, dzina loyamba kufufutidwa ndinkalidziwa. Kunyumba ndinali ndi ana atatu, ndipo nkhokwe inali pansi.

Amalume anadikira. Madzi ankadontha pazida zawo.

Ndinakoleka chikwama paphewa. Ndinadutsa pambali pa galimoto, n'kulowa kanjira kotsikira kumsewu.