Mabuleki a Abambo a ku Mangochi

Nthawi imene ndinkakhala ku Jeppestown, kuseri kwa nyumba yathu ya lendi kunali kabwalo ka simenti komwe tinkayanikako zovala. Kumeneko nkumene kunkagona galimoto yakale ya abambo ena a ku Mangochi, a chipinda choyandikana ndi changa. Iwowa anabwera ku Joni ine ndisanabadwe. Anagwirako ntchito kumigodi, kenaka nkumagulitsa nsapato ku Joubert Park. Tsopano thupi linali litatopa, ndipo mtima wawo unali pobwerera kumudzi akuyendetsa okha galimotoyo.

Vuto linali mabuleki. Akangoponda, kutsogolo kunkalira ngati wina akunola chikwanje. Poti ine ndinagwirapo ganyu pagalaji ina ku Doornfontein, Lamlungu lina nditachokera kutchalitchi anandipempha kuti ndiwakonzere. Mapadi ndi madisiki atsopano a mabulekiwo anali atagula kale, akusunga kunsi kwa bedi.

Tinatchinga matayala akumbuyo ndi njerwa, ndinakweza jeke nkuchotsa tayala lakutsogolo. Mapadi anali atatheratu, chitsulo chikudya chitsulo chinzake, ndipo disiki inali ndi mizere yoti chikhadabo chimakodwamo. Bawuti ina inakaniratu ndi dzimbiri. Ndinaithira mafuta, nkulimbana nayo mpaka malaya anamata pamsana. Iwo anakhala pa kabokosi akundipatsira masipanala, koma kawirikawiri ankandipatsa yosiyana ndi imene ndapempha. Ndinkangoti nkhani zachuluka, poti pakamwa sipankapuma: za mgodi, za anzawo amene anatsalira kuno, za mitengo ya mango imene anasiya itangomera.

Titamanga mbali zonse ziwiri, ndinapopa buleki mpaka inalimba, kenaka tinatuluka kukayesa, iwo ali pachiwongolero. Galimoto inkaima bwinobwino popanda kulira, ndipo abambowo ankangomwetulira okha. Koma titakhota pakona, mayi wina anali akuwoloka ndi chikwama pamutu, iwo osachepetsa liwiro. Ndinakuwa. Anaponda, galimoto nkuima pomwepo. Mayiyo anatilalatira m'Chizulu nkumapita.

Abambowo anaimika galimoto pambali nkuzimitsa injini.

"Mwana wanga, mayi uja sindinamuone," anatero motsitsa mawu. "Diso lakumanzereli lachita chifunga kalekale. Sindinauzepo munthu."

Ndinawauza kuti masiku ano maso amawakonza kuchipatala, iwo nkugwedeza mutu kuvomera, koma tonse tinkadziwa kuti msewu wodzera ku Zimbabwe ndi ku Tete sangauthe. Mataxi ankatiimbira mahutala. Kenaka abambowo anatsika, nkuzungulira kubwera mbali yanga.

"Tiyeni, yendetsani ndinu," anatero.

Sabata imeneyo sankatuluka m'chipinda. Ndinkawagogodera ndikaweruka, tikumwa tiyi osaitchula nkhaniyo. Lachisanu anakaiulula okha kwa anzawo a kumzikiti, ndipo iwowo anawapezera bambo wina wa ku Machinga, woyendetsa bwino, amene ankafunanso kupita kumudzi.

Tsiku lonyamuka abambo a ku Mangochi aja anavala mkanjo woyera nkukhala mpando wa wokwera, katundu atamangidwa mpaka padenga. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ali pa Mwanza anandiimbira foni kuti alowa bwino m'dziko, kungoti mnzawoyo amathamangitsa kwambiri galimoto ndipo samva akamamulangiza.