Anandifesera Kapinga Osagaula Pansi

Apongozi anga, malemu, anandichenjeza ndili mtsikana. Anati munthu akabwera kudzagwira ntchito ya dothi atavala nsapato zoyera, um'patse madzi akumwa azipita. Amuna atatu amene anabwera kwanga ku Chiputula, kuno ku Mzuzu, kudzafesa kapinga, onse anavala nsapato zoyera. Ndinaziona. Geti ndinatsegulabe.

Ndikulemba kuti mudziwe zimene yandichita shopu ina ya mbewu ndi maluwa ku Luwinga. Dzina sinditchula. Akazi a mwini wake ali pagulu lathu lino la pafoni, akawawerengera.

Ndiyambe ndi bwalo. Amuna anga atamwalira chaka chatha, maliro anakhala masiku atatu, mvula ikugwa. Anthu anadzaza pabwalo. Lole ya nkhuni inalowa kawiri mpaka pakhonde. Atachotsa tenti, katondo wa pabwalopo anauma ngati simenti. Ngakhale chisoso chinakana kumera.

Mwana wanga Tiwonge, amene amakhala ku Lilongwe, anabwera n'kuima pakati pa bwalolo. Anati, "Amama, pakhomo pakukanikani. Ndibweranso pa Isitala. Ndikadzapeza zili chonchi, m'nyumba muno tiikamo anthu a lendi, inu tipitira limodzi." Sanakalipe. Tiwonge sakalipa, amangochita. Nyumba ino ndakhalamo zaka makumi atatu ndi zinayi. Ku Lilongwe kukundidikira bedi m'chipinda cha zidzukulu, ndi kutentha.

Ndiye ndinapita kushopu kuja. Ine kapinga amene ndimam'dziwa ndi wodzala timizu, topempha kwa aneba. Bambo wa pakauntala anati zimenezo n'zachikale. Anati mbewu yawo njochokera kunja, pakangotha masabata atatu bwalo lidzakhala ngati kapeti. Ndinamuuza za maliro, za lole, zonse. Ndinam'funsa kawiri ngati anthu ake adzayambe agaula pansi. Anati, "Agogo, ife ndi akatswiri, sitiphunzitsidwa khasu." Ndinalipira. Risiti ili m'Baibulo.

Anafika Lachiwiri, 10 koloko m'mawa. Khasu analibe. Anali ndi reki imodzi, wilibala ndi mgolo. Anapalasa pamwamba ngati nkhuku. Anamwaza dothi lakuda la kudambo, lopyapyala ngati majarini a pabuledi wa alendo. Anafesa. Kenako anadzaza mgolo uja ndi madzi a pampopi wanga n'kuyamba kuugubuduza bwalo lonse, kupita, kubwerera. Ine ndinali pawindo. Ndinatuluka n'kufunsa kuti pansi polimba kale akupatsindiranso chifukwa chiyani. Wamkulu wawo anati n'cholinga choti mbewu igwirane ndi nthaka. Pofika 12:40 anali atapita. Nsapato sizinade.

Kumera anamera, ndisaname. Tsiku lachisanu ndi chinayi panatuluka tobiriwira ngati tsitsi la khanda. Anatalika ngati chikhadabo n'kuima pomwepo. Sabata yachitatu anayamba kuchita chikasu.

Ulendo woyamba wokadandaula ndinafika 8:15. Ndinakhala pabenchi mpaka 9:50, bambo uja ali pafoni. Atamaliza anati sindikuthirira mokwanira. Ku Mzuzu kuno? Nyengo ya mvula? Ndinathirirabe, ndowa khumi ndi ziwiri m'mawa uliwonse. Madzi ankangoima pamwamba mpaka masana. Kenako ankatsetserekera kumsewu, atanyamula dothi lakuda lija.

Ulendo wachiwiri anati kapinga ali ndi njala. Anandigulitsa feteleza wa yureya, makilogalamu awiri, n'kunena kuti ndikamwaze yense. Ndinamwaza yense. Patatha masiku anayi theka la bwalo linapsa ngati ndathirapo madzi owira.

Ulendo wachitatu ndinazula pang'ono n'kukulunga m'nyuzipepala. Ndinaika pakauntala. Mizu yake inali yaifupi, yopindikira m'mbali, chifukwa pansi inasowa polowera. Anaiyang'ana. Anati, "Aa, amama, vuto ndi nthaka yanu. Njolimba chomene." Ndinati anthu anu anaiponda maola awiri ndi mphindi makumi anayi, sanaimve kulimbako? Anati iwo anatumidwa kufesa, kugaula ndi ntchito ina. Ndinati ndinakufunsani kawiri. Anati sakukumbukira. Kenako anafunsa ngati kunyumba kuli mwana kapena bambo woti azilankhula naye, chifukwa zinthu zoterezi achikulire zimawavuta kumva.

Popita ndinkaganiza kuti ndikakalipa. Nthawi itakwana, m'katimu munalibe kanthu. Ndinati yewo. Ndinakulunganso kapinga wanga n'kukakwera minibasi.

Amene anandiuza zoona ndi a NyaChirwa, mayi a ku Nkhata Bay amene amasamala bwalo la kutchalitchi kwathu. Sindinawaitane. Anamva kwa anthu, monga amamvera zonse. Anabwera ndi msomali wautali wokhomera denga, n'kuukanikiza pansi ndi chikhatho. Unalowa kansonga kokha.

Anaseka. Anati, "Anyina Tiwonge, bola mukanafesa pamsewu wa tala, anthu akanaona kuti mwayesa."

Ine sindinaseke. Ndinati nenani zimene mwabwerera.

Anati feteleza ndisiye, kuthirira tsiku ndi tsiku ndisiye. Ndidikire dothi lifewe ndi mvula, koma lisakhale matope. Nditenge foloko ya m'munda, ndibaye, ndiponde kuti ilowe, ndigwedeze, ndizule. Ndisunthe phazi limodzi, ndibayenso. M'mabowomo ndisesere mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa owola bwino. Mizu imafuna mpweya ngati munthu, anatero. Pamene panapsa paja pokha ndiye pofunika kugaula mozama ndi khasu, ndipo timizu adzandipatsa ta kuseri kwa tchalitchi. Ndipo munthu asapondepo mpaka kapinga atagwira.

Ndinawafunsa kuti iwo akufunapo chiyani. Anati tiyi. Ndinawapatsa, pakhonde.

Ndinayamba. Foloko ndi ya malemu amuna anga, chogwirira chake n'chomanga ndi mphira. Ndimabaya mizere iwiri patsiku, msana ukalola itatu. Mizere yonse ilipo 46, ndamaliza 11. Kumene ndinayambira madzi akulowa pansi tsopano. Kubiriwira sindinakuonebe. Kwatsala masabata asanu kuti Isitala ifike.

Inu a shopu, ndiyankheni. Ndinakuuzani kuti pabwalo panaima lole, munafeserenji? Mgolo uja munkatsindira chiyani? Yureya munandipatsa kuti achize chiyani? Mbewu ina sindikufuna, musanditumizire. Ndikufuna amuna atatu aja abwere ndi mafoloko tsiku limodzi lokha, amalize mizere yatsalayi. Ine ndidzakhala pawindo.

Enanu, munthu asakufesereni kapinga musanabaye msomali pansi. Ukakana kulowa, mizu idzakananso.

Chomaliza ndi ichi, ndipo sindikuchilemba mokondwa. Lachinayi lapitali foloko inakanirira m'dothi. Ndinaikoka ndi mphamvu, ndinapezeka ndili chagada. Sindinathyoke. Kudzuka kokha ndiye kunakanika. Ndinagona pamenepo kuyambira 11 koloko mpaka ndinamva ana akuweruka kusukulu. Mpanda wanga ndi wautali, ndinauza amisiri ndekha kuti awonjezere mizere itatu ya njerwa. Palibe amene anandiona. Sindinaitane munthu. Ndinkangoyang'ana mitambo ikuchokera kumapiri a Kaning'ina, n'kumaganiza kuti ikagwa mvula mabowo anga amwa. Kenako ndinakwawa mpaka pakhonde.

Tiwonge sakudziwa. Amene muli ndi nambala yake pagulu lino ndikukudziwani nonse, ndipo akamva ndidziwa kuti wanena ndani.

Ndiye ndikupempha, ine amene sindinapempheko mchere kwa munthu. Mukamapita kumsika m'mawa, kapena pobwerera, imani pageti lakuda lija kuseri kwa chigayo. Gogodani katatu. Ndikayankha, pitirizani ulendo wanu, tiyi palibe. Ndikapanda kuyankha, makiyi ali kwa a NyaChirwa, ndinawapatsa Lamlungu. Polowa mudzere m'mbali mwa mpanda. Pakatipo ndabayapo kale.