Nyenyezi Zanga Mumtengo wa Mapichesi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene mbatatesi zathu zinapsa ndi chiwawu. Kwathu ku Tsangano mbatatesi ndiyo sopo, ndiyo mchere, ndiyonso nsalu ya mwana, ndiye ikakana munthu umangoti kakasi. Bambo a mwana wanga Tamanda anali atawoloka kale kupita ku Mozambiki ndi mkazi wina, ndipo za iwo tisatayepo nthawi. Ndinatsala ine ndi mwana wamkaziyo, amene anali asanayambe n'komwe sukulu, m'nyumba ya udzu yothonya pakona pamene tinkagona.

Mwanayo ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga, a Elube, amene ana awo anali atakula kale. Ndinawauza kuti ndikangopeza ya malata ndibwerera. Tsiku lonyamuka iwo anamubereka kupita naye kudimba kuti asandione ndikukwera galimoto. Timatero kwathu, mwana timamuzemba kuti asalire. Ndiye sindinatsanzikane naye.

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'nyumba. Mabwana anga sanali anthu oipa, ankangokhala otanganidwa, moti nthawi zina tsiku linkatha mawu amene ndamva ali akuti ndisaiwale kusita. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, mmene munali bedi, kachitofu ndi kazenera koyang'anana ndi mpanda. Miyezi ina yonse ndinkapirira chifukwa ntchito inkandimeza. Wovuta unali Disembala. Adona ankandiuza kuti nditulutse mtengo wa pulasitiki m'katoni, ndiupachike mipira yonyezimira ndi timagetsi, kenako banja lonse linkalongedza kupita kunyanja yamchere, n'kundisiyira makiyi ndi galu. Mtengo uja unkangothwanima m'nyumba yopanda anthu. Msewu wonse unkati zii, mageti otseka, popanda ngakhale mwana mmodzi wodutsa atavala zatsopano. Galu uja ndinkamulankhula Chichewa mpaka anayamba kumva ndikati "choka apo". Ndinasungulumwa koopsa, ndipo sindichita manyazi kunena kuti pa Khirisimasi yoyamba ndinadya mpunga wanga ndikulira.

Zokongoletsa ndinaziyamba tsiku lina ndikutulutsa mabini. Paketi ya tchipisi inali itang'ambika, ndipo mkati mwake munkanyezimira ngati siliva. Ndinakumbukira mmene amayi a mvano ankatisonkhanitsira atsikana kutchalitchi Khirisimasi ikayandikira, tikudula makope akale n'kulumikiza timapepala kukhala unyolo wozungulira guwa. Guluu wathu anali mbatatesi yophika, kungopaka pang'ono pepala n'kugwira. Ndinatola paketi ija, ndinaitsuka, n'kuiyanika pazenera.

Kuyambira pamenepo bini ya mabwana inasanduka sitolo yanga. Mapaketi ndinkawatembenuza, kuwadula m'timizere n'kuluka unyolo. Timakapu ta yogati ndinkatiboola pansi ndi msomali wotentha, kulowetsamo ulusi womangirira chitsekerero cha botolo, kakhala kabelu. Mathireyi a mazira ankatuluka maluwa ndikawapaka penti yotsala m'galaja. Koma zimene ndinkazikonda zinali nyenyezi za zitini za zakumwa. Chitini umachidula kumutu ndi kumatako, n'kuching'amba, n'kuchiwongola pansi pogubuduzapo botolo. Ukalemba nyenyezi ndi msomali umadula ndi sizasi, kenako umapinda m'mphepete monse, chifukwa lata yotere ndi lumo lenileni. Zala zanga zinaona zakuda ndisanaphunzire. Ndinazipachika m'kachipinda kanga, ndipo zinakongoladi, koma chinthu chokongola ukamachiyang'ana wekha chimatopetsa msanga. Ndinati chaka chamawa zimenezi zipite kwa Tamanda.

Panali bambo wina wa ku Ntcheu amene ankanyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi. Novembala aliyense ndinkamupatsa makatoni anga: mabulangete, nsapato, mafuta ophikira, mbale zadothi. Zokongoletsa ndinkaziika pakati pa mbale ndi zovala kuti zisaphwanyike. Ndikaimba foni, a Elube ankakwera pachulu pamene pamagwira netiweki, mphepo ikuwomba m'mawu awo. Ndikafunsa ngati nyenyezi zafika ankangoti zafika bwino, n'kulumphira pa nkhani ya feteleza. Foni yawo inali yaing'ono, yosajambula, ndiye sindinapemphe chithunzi. Akamupatsa Tamanda, ndinkamva kupuma kokha. Kenako ankanena mawu amene amuuza kuti anene, kuthokoza nsapato. Ndikamufunsa ngati akongoletsa nyumba ankati ee, monga mwana amavomera chilichonse kwa munthu wamkulu wosamuzolowera. Ine ee ameneyo ndinkamusunga chaka chonse. Ndinkamuona m'maganizo ataimirira pampando akupachika nyenyezi pakhomo, akuuza anzake kuti apanga ndi amayi anga.

Malata anagulidwa, koma sindinabwerere. Panafunika simenti, kenako yunifolomu, kenako a Elube anadwala, kenako feteleza anakwera. Ndalama ya kumudzi ilibe pothera. Anthu anayamba kunditchula mtchona, ndinamva, ndipo ndinapsa mtima ngakhale kuti sanali kunama. Chimene chinandibweza n'chakuti mabwana anagulitsa nyumba kusamukira kunja. Anzanga anati andipezera pena, ine ndinakana. Tamanda anali atalowa sekondale, ndipo ndinaona kuti ndikachedwanso ndidzamupeza ali ndi wake mwana.

Ndinafika mu Disembala, mvula ikugwa, chifunga chitaphimba mapiri. Ndinali nditaiwala kuti kwathu kumazizira ngakhale dzinja. Anandiyalira mphasa, anthu anabwera kudzandilonjera mmodzimmodzi, nkhuku inaphedwa. Zonsezi ndi ulemu, koma ndi ulemu umene timapatsa alendo. Tamanda anatuluka ali mtsikana wamtali kundiposa, nkhope ili ya malemu amayi athu. Ndinatambasula manja kuti ndimukumbatire. Iye anagwada chapatali, anandipatsa dzanja limodzi linalo litagwira pamkono, n'kufunsa mmene ndayendera. Kenako anapita kukanditengera madzi osamba.

Maso anga anayendayenda m'makoma. Panali wotchi imene ndinatumiza, kalendala, ndi maluwa a pulasitiki ogula pamsika. Nyenyezi panalibe ngakhale imodzi. Ndinadziuza kuti masiku akadalipo, mwina sanapachike.

M'mawa mwake ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinaima. Mtengo wa mapichesi umene ndinausiya ukundilekeza m'chiuno unali utakula, zipatso zili psuu, ndipo nthambi iliyonse inali ndi ntchito ya manja anga. Unyolo wa siliva unazungulira kuchokera pansi mpaka pamwamba. Timabelu tinkagundana ndi mphepo. Nyenyezi zinkatembenuka, zina zitasuluka ndi dzuwa, zina zatsopano za chaka chatha. Mtima wanga unadumpha. Ndinati mwana wanga wandipangira mtengo wa Khirisimasi wamoyo, woposa wa pulasitiki uja. Ndinamuitana Tamanda.

"Wakongoletsa ndiwe mtengowu?"

Anayang'ana mtengo, n'kuyang'ana ine, ngati sakumva funso.

"Si zokongoletsa izi. N'zoopsezera mbalame, zimatha mapichesi. Ndi zinyalala zija zimabwera m'katundu wanu kuti mbale zisasweke."

Ananena mwaulemu, mofotokozera mlendo amene sadziwa za kumudzi. Kenako anandithyolera mapichesi awiri, n'kubwerera kukatsuka mbale.

A Elube ndinawapeza m'khitchini akusankha nyemba. Sindinakhale pansi n'komwe. Ndinawafunsa chimene ndinawalakwira kuti zinthu za mwana wanga azipereke kwa mbalame. Iwo sanadabwe. Anaika lichero pambali n'kundifotokozera. Katundu wa ku Joni akafika pamudzi, satsegulidwa mobisa, ndipo ine ndimadziwa zimenezo. Anthu amadzaza pabwalo kudzaona, chinthu chilichonse chimakwezedwa m'mwamba, ena n'kumachigwiragwira kufunsa mtengo wake. Chaka choyamba a Elube anapisa dzanja m'katoni pamaso pa onse, n'kutulutsa timakapu ta yogati pa ulusi ndi zitini zodula. Mayi wina anaseka n'kufunsa ngati ine Feliya ku Joniko ndikudya za m'mabini. Pofika madzulo ana anali atayamba kumutchula Tamanda mwana wa otola. Achemwali anga anangoganiza msanga, n'kuuza anthu kuti zimenezo n'zotchingira katundu kuti asasweke. Bodzalo linagwira. Zaka zotsatira ankayamba atsegula okha makatoni kuchipinda, kuchotsamo zanga zija, kenako n'kutulutsa katundu pabwalo. Kuwotcha analephera, ndiye anazipezera ntchito mumtengo.

"Mukanandiuza, achemwali."

"Ndikuuze kuti chiyani, iwe Feliya? Kuti za manja ako anthu akuziseka, uli wekhawekha kudziko la eni? Kuno anthu amafuna za m'sitolo, zomata pepala la mtengo. Iwe unali kutali. Amene ndinkamupukuta misozi mwanayu ndine."

Ndinkafuna kukalipa, ndipo mawu ndinali nawo ambiri, koma analibe pogwera. Mayi ameneyu ndi amene anamubereka mwana wanga kupita naye kuchipatala malungo atamugwira, ndi amene anamulangiza atakula. Sanandibere kalikonse mwadala. Komabe zinandipweteka kuposa Khirisimasi zonse za m'kachipinda kaja. Pa zonse zimene ndinkatumiza, china chilichonse akanatha kugula munthu aliyense wokhala ndi ndalama. Nyenyezi zokha ndi zimene zinali ine, ndipo ndi zokhazo zimene sizinafike.

Masiku otsatira ndinkangozungulira pakhomo ngati nkhuku yogula kumene. Ndikati ndisese, ndinkapeza asesa kale. Sindinkadziwa pamene amasunga mchere. Tamanda ankandipatsa ulemu wonse, madzi osamba, chakudya pa nthawi yake, koma ndikalowa pamene iye ndi a Elube akucheza, nkhani inkatha.

Tsiku lina masana, mvula itakata, ndinakhala pakhonde ndi sizasi ndi chitini cha chakumwa chimene ndinagula panjira. Sindinali ndi cholinga chophunzitsa aliyense, manja okha ndi amene ankafuna chochita, poti Disembala anali atawazoloweza. Tamanda anali chapafupi akusenda mbatatesi. Ndinadula chitini, ndinachiwongola ndi botolo, ndinalemba ndi msomali. Ndinkamva kuti mpeni wake ukuyenda pang'onopang'ono. Nditayamba kupinda m'mphepete, mpeni unaima.

"Zija za mumtengo nazonso n'zopinda choncho," anatero.

"Ndinkapinda kuti usadzicheke."

"Ine?"

"Iwe. Unali ndi tizala tating'ono."

Anapukuta manja pachitenje, n'kusendera pafupi. Kanali koyamba kukhala nane moyandikana chotero. Anatenga nyenyezi ija, anaitembenuza, anayendetsa chala m'mphepete mwake. Anayang'ana kumene kunali mtengo, ngakhale kuti pakhonde sunkaoneka.

"Zonse zija munkapanga ndinu? Chaka chilichonse?"

Ndinavomera ndi mutu. Maso ake anadzaza misozi, koma nkhope inawala, ndipo ndinaona kamwana kaja ndinakazemba. Anadzambatuka, nyenyezi ili m'manja.

"Amayi!"

Ndinavomera msanga, mwina asanamalize n'komwe kuitana. Nthawi yomweyo kukhitchini kunamveka mawu a Elube akuti ali komweko, ndipo mapazi a mwana anali atalunjika kale kumeneko. Anaima pakati pa bwalo. Anatembenuka kundiyang'ana, manyazi atamugwira, osadziwa kolowera. Ndinamumvera chisoni. Mwana sanalakwe, anangothamangira kumene wakhala akuthamangira moyo wake wonse akakhala ndi nkhani yaikulu.

"Pita, kawaonetse," ndinamuuza.

Anapita. Posakhalitsa ndinamva mawu ake m'khitchini, othamanga, okwera, osakanikirana ndi kulira ndi kuseka, mawu amene sindinawamvepo pafoni zaka zonsezo. Ankafotokoza za sizasi, za botolo, za kupinda m'mphepete. Ndinatola tizidutswa ta lata pansi kuti wina asapondepo. Kenako ndinakhala phee pakhonde la nyumba imene ndinamanga, kumvetsera mwana wanga akuuza amayi ake za ine.