Malata Opita ku Katete

Kwathu ku Kuku, komboni ya mu Lusaka, denga lopanda mwala pamwamba linali la munthu wa misomali. Enafe malata athu ankagwidwa ndi miyala, mabuloko osweka, matayala akale, pena ngakhale chitsulo cha bedi lotha ntchito. Palibe amene ankazitcha zinyalala. Zinali ngati lamba wa buluku, amene sumuthokoza mpaka tsiku limene wamuiwala.

Ndili mu giredi ileveni ndinalowa kalabu yothandiza anthu ya pasukulu pathu. Loweruka lina tinkasesa pamsika, lina tinkachapa makatani a kukiliniki. Anzanga ambiri m'kalabumo ankachokera ku Matero ndi ku Chilenje, m'nyumba za khonsolo zija zimene denga lake anakhoma kale makolo awo asanabadwe. Anali ana abwino mtima ndi a changu, changu chimene nthawi zina chinkandiopsa.

Teremu imeneyo aphunzitsi oyang'anira kalabu anati tipeze okalamba okhala okha. Ine ndinakweza dzanja msanga, chifukwa kuseri kwa nyumba yathu kunali bambo wina wokalamba amene tonse tinkangowatchula kuti ba shikulu, kutanthauza agogo aamuna. Kwawo kunali ku Katete, koma mu Lusaka anakhalamo kuyambira ali mnyamata. Akazi awo anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo ana analibe. Mabulangete awo anali atafika pomatha kuima okha.

Loweruka lina mu Okutobala gulu linatsika minibasi ndi masache, sopo ndi zidebe. Poti ine ndinkadziwa njira, ananditumiza ndi atsikana awiri kukatunga madzi ku kiyosiki, kumene mzere unali wautali monga mwa masiku onse. Tinabwerako dzuwa likuswa mtengo. Nditakhota pamene pamakhala amayi ogulitsa makala, chigubu chili pamutu, ndinangoima nji. Paja amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma alendo angawa anali atameta nyumba ya ba shikulu mpala.

"Imwe! Miyala mwaipeleka kuti?" ndinakuwa.

Wapampando wa kalabu, mnyamata wamtali wa ku Chilenje, anali akadali pamwamba, akusesa fumbi lotsala. "Vija vinyalala? Tachosa vonse. Matayala yasunga manzi, ndiye mwamene muchokela uzuzu. Ona manje, nyumba yaoneka monga ya kumayadi."

Za udzudzu sananame, tinaphunziradi m'kalasi. Koma ine mutu unatentha. Ndinatula chigubu n'kuyamba kusaka miyalayo. Amayi ena ophwanya miyala m'mphepete mwa msewu anali atatumiza kale wilibala kudzaitenga, ndipo phokoso la nyundo yawo linkamveka uko. Matayala nawo ana a m'komboni anali atawagubuduza mpaka kosadziwika.

Ndinathamangira kwa ba shikulu poganiza kuti akwiya, kuti tikwiyire limodzi. Iwo anatuluka ndi ndodo yawo, kubwerera m'mbuyo pang'ono, kuyang'ana dengalo nthawi yaitali, kenako n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Asiye anawa," anatero. "Kani zaka zonsezi ndinali kugona pansi pa dzala? Taona mmene yakongolera. Olo mwala umodzi usakwerenso pamenepo."

Anzanga anaomba m'manja, mafoni n'kutuluka, zithunzi kujambulidwa. Ine ndekha ndinkayang'ana kumwamba, kumene mitambo yoyamba inali itayamba kusonkhana.

Madzulo amayi anga sanandisiyire mpata. "Ndiwe unabaleta," anatero akusenda impwa. "Mphepo ya mvula yoyamba uiziba. Ikanyamula malata paja, nkhalamba izagona kuti? Na lata ikauluka simasankha khosi ya munthu." Ankanena zoona. Malata amenewo anangogonekedwa pa mitengo ya bulugamu, ndipo chimene chinatsala chowagwira chinali waya wadzimbiri m'makona. Pansi pake pankagona munthu wosatha kuthamanga, ndipo panja pake pankasewera ana tsiku lonse.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pamsonkhano wa kalabu Lachitatu ndinaimirira osapatsidwa mpata, ndipo ndinalankhula mawu ena amene aphunzitsi anandipempha kuti ndiwabweze. Ndinawabweza, koma theka lokha. Ndimuyamikire wapampando uja, sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Nanga tichite chani?" Aphunzitsi anapita kwa anzawo ophunzitsa za ukalipentala n'kubwera ndi phukusi la misomali ya malata, ija yokhala ndi tizipewa. Ndinamva mtima kupepuka. Misomali inali yoposa miyala, ndipo denga likanakhalabe lokongola monga mwini wake ankafunira.

Titaweruka tinapita atatu. Ba shikulu anatilandira bwino, mpaka pamene phukusi linatsegulidwa. Nkhope yawo inasintha nthawi yomweyo.

"Musayerekeze," anatero. "Malata awa si a nyumba ino."

Tinayang'anana.

"Ndinagula nditapuma ntchito ya ulonda. Ndi a nyumba ya kumudzi, ku Katete. Pano ndinangowagoneka poyembekeza ulendo. Lata loboola ndikalitenge ndikachite nalo chiyani? Ukalikhomanso kwina limadontha ngati sefa."

"Ba shikulu, muyenda liti kumunzi?" anafunsa wapampando mwaulemu.

"Mvula ikatha."

Amayi anga anandiuza pambuyo pake kuti yankho limenelo analimva koyamba ali ndi mimba yanga.

Tsono miyala anaikana chifukwa cha kukongola, misomali anaikana chifukwa cha Katete. Ndinatuluka m'nyumbamo osatsanzika, zimene sindinaleredwe nazo. Ndinali nditapsa mtima ndi nkhalambayo, ndi anyamata a ku Chilenje, ndi dzanja langa lomwe lija ndinalikweza m'kalasi. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha enieni. Kamphepo kakangogwedeza pepala pabwalo la sukulu, ine maganizo anali atafika kale ku Kuku, ndipo masamu a sabata imeneyo sindinamvepo kanthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu masana ndikuchapa yunifolomu kuseri kwa nyumba, kamvuluvulu anatulukira cha kumsika atanyamula mapulasitiki ndi fumbi lofiira. Anadutsa pakati pa nyumba zathu ngati ali ndi adiresi. Ndinamva waya kuduka, kenako lata limodzi la kumapeto linadzuka, kutembenuka m'mwamba, n'kukagwa pakanjira pamene tiatsikana tinkasewera waida. Linang'amba beseni la apafupi athu pakati. Anawo anabalalika akulira, koma palibe amene linamukhudza. Ine ndinangokhala pansi pomwepo, thovu lili m'manja.

Ba shikulu anali ataima pakhomo pawo. Kumbuyo kwawo dzuwa linkalowa m'nyumba kudzera pampata uja n'kuwala pabedi. Anayang'ana beseni, kuyang'ana ana. Amuna awiri anabweza latalo n'kulimanga ndi chingwe choyanikira zovala, ndipo iwo sanawaletse kapena kuwathokoza.

Ndinaimbira wapampando ndi foni ya amayi. M'mawa mwake kalabu yonse inafika, ngakhale aja ankangobwera tsiku la zithunzi. Anyamata anali atapita kudzenje lokumba miyala n'kubwera ndi wilibala yodzaza, manja atatupa matuza. Anaiimika pakhomo pa ba shikulu, ndipo pambali pake anaika phukusi la misomali lija. Wapampando anavula kapusi n'kunjuta pansi.

"Ba shikulu, tinalakwisa. Sitinafunse. Manje sankhani imwe, ise tizachita vamene muzakamba."

Kumwamba kunali kutada mbali imodzi. Ine ndinkangoti mumtima, sankhani miyala, sankhani chilichonse, bola musankhe lero. Iwo anakhala pa kampando kawo, chibwano chili pandodo.

"Miyala ndi yabwino," anatero. "Koma chaka chamawa kudzabwera ana ena a mtima wabwino ndi masache awo, adzaichotsanso."

Ena anaseka mwamanyazi. Iwo sanaseke. Analoza ndi ndodo chakumene kuli manda a mumzinda.

"Agogo anu aakazi agona uko. Dzulo ndinali kuganiza. Ndikakweza malata pa lole, iwowo ndiwasiyira ndani?" Anapukusa mutu. "Khomani."

Palibe amene anasuntha. Anabwereza mokweza, ngati akukalipira ana aulesi. "Ndati khomani! Koma lija linauluka dzulo musaliboole. Limenelo lili ndi mtima wa ulendo. Likhazikeni ndi mwala, waukulu."

Aphunzitsi a ukalipentala anakwera ndi anyamata anayi, kuwaonetsa pokhoma, pamsana pa lata osati m'ngalande mwake. Ife atsikana tinkapereka misomali ndi kugwira makwerero. Nyundo ikagunda, ba shikulu ankaphethira. Ndinawaona ndi maso anga, ndipo chisoni chinandigwira, chifukwa ndinadziwa kuti tinkakhomerera pamenepo ulendo wawo wa ku Katete. Komabe sindibisa, msomali uliwonse umene unkalowa unkandichotsera katundu pamutu. Lata lomaliza, lija linauluka, analilowetsa m'mphepete pansi pa linzake lokhomedwa, ndipo anyamata atatu anakwezapo chimwala chachikulu kuposa yonse ya mu wilibala. Yotsalayo apafupi anagawana, poti pa Kuku mwala sutayidwa.

Mvula yeniyeni inabwera Lachiwiri, tikuweruka. Inayamba ndi mphepo ija amayi ankanena, yokankha minibasi ngati ikufuna kuikweza m'mwamba. Nditatsika pasiteshoni ndinavula nsapato n'kuthamanga m'madzi ofika m'mawondo. Panjira ndinadutsa kantemba kopanda denga, ndi lata lina litapindika pa mtengo wa magetsi. Sindinaime kuti ndione kuti ndi la ndani. Ndinadutsa ndi pakhomo pathu pomwe, amayi akundikuwira kuti ndapenga.

Nditakhota pamene pamakhala amayi a makala ndinakweza maso. Denga linalipo. Lonse, ndi tizipewa ta misomali titandandalika m'mizere, ndi chimwala chija chitakhala kumapeto ngati mlonda. Madzi ankatsika m'ngalande za malata n'kugwera m'zidebe zimene mwini wake anali atandanda pansi. Mtima wanga, umene unali m'mwamba kuyambira Loweruka la masache lija, unakhala pansi, ndipo ndinayamba kuseka ndekha pamvulapo ngati wamisala.

Ba shikulu anali atakhala m'kati pafupi ndi khomo, atafunda bulangete lija tinachapa, ouma bwinobwino. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi anga amatope.

"Wabwera kudzaona ngati ndapita ku Katete?"

Kuseka kwanga kuja kunali kutasanduka misozi. Iwo anasuntha kampando kuti ndipeze podutsa.

"Ndilipo, mdzukulu wanga. Lowa, ukunyowa."