Chigongono cha Che Nasoro

Ku Chikanda munthu sungasanduke woyera mtima mwadzidzidzi anthu osafunsa. Ndiye Che Stambuli atayamba kuchedwa kudzutsa mutu poswali mumzikiti, woyamba kudabwa anali mwana wawo yemwe, Mwanaidi, uja amagulitsa zipatso mumsewu wokwera kuphiri.

Bambo akewo ankawadziwa bwino. Zaka makumi awiri ndi zisanu anakhala akugwetsa paini pamwamba pa phiri la Zomba, poyamba ndi nkhwangwa, kenako ndi macheka a injini aja olira ngati njinga yamoto. Kuswali ankaswali, inde, koma anali munthu wachangu, swala ikangotha oyamba kupeza nsapato pakhomo anali iwo. Macheka aja anawadya makutu pang'onopang'ono. Pakhomo aliyense ankadziwa zimenezi kupatula eni makutuwo.

"Ababa, kuchipatala chachikulu kukubwera madokotala a makutu mwezi wamawa," Mwanaidi ankafuula mpaka nkhuku kubalalika. "Akumapereka kachipangizo kovala kukhutu, kothandiza kumva."

"Ndine wailesi ine kuti ndiziyendera mabatire? Makutu anga ali bwinobwino. Ndinu ana a masiku ano mumayankhula ngati muli ndi mbatata yamoto mkamwa."

Nkhani inkathera pomwepo.

Tsono mbiri inayamba kuwanda, mpaka inafika ku mbali ya amayi mumzikitimo. Akuti Lachisanu anthu akagunditsa mphumi pansi, shehe n'kunena Allahu Akbar, mzere wonse umadzuka, koma Che Stambuli ali pansi phee! Anzawo akhala, agwetsanso nkhope, aimirira, iwo akadali pomwepo. Shehe anali wobwera kumene kuchokera kusukulu, ankachita manyazi kudzudzula imvi. Anthu anayamba kunong'onezana kuti madala aja akumacheza ndi Mwini wake. Ena anayamba kuwapatsa moni ndi manja awiri.

Mwanaidi sizinamulowe. Ababa omwe aja, othamangira nsapato? Anafunsa uyu, anafunsa uyo, kuti kodi zinayamba liti. Onse analoza mwezi umodzi, mwezi umene anamwalira Che Nasoro, mnzawo wa bambo ake wa kunkhalango. Mwanaidi anamanga mapichesi pansalu n'kupita kukaona mkazi wamasiye wa Che Nasoro, Abiti Akram.

"Iii, mwanawe, amuna angawo anandizunguza mutu akudwala," anatero Abiti Akram akusenda pichesi. "Kutacha, kutada, funso lake limodzi: 'Nanga Stambuli azimugunda ndani?' Ine ndinkati ndi malungo akuyankhula."

"Kuwagunda?"

"Eya. Ankachita kuonetsa ndi chigongono, chonchi."

Apo m'pamene Mwanaidi anazindikira. Munthu nkhope ili pansi saona kanthu, chimamudzutsa ndi khutu. Che Nasoro nthawi zonse ankaima kumanzere kwa mnzawo, ndipo shehe akanena mawu aja iwo ankagunda nthiti ndi chigongono, awiriwo n'kudzukira limodzi. Zaka zingati akuchita zimenezi, osauza ngakhale mkazi wa m'nyumba! Pobwerera Mwanaidi anaseka yekhayekha mumsewu ngati wamisala, atafika pamlatho kuseka kuja kunasanduka misozi.

Sanathamangire kuwauza bambo ake. Ankawadziwa kuti ukawapanikiza amauma ngati chitsa.

Loweruka m'mawa panafika mayi wina wa ku Sadzi, dzina lake Esitere, wa Mvano ndithu, mwana ali kumsana. Anagwada pabwalo n'kunena kuti wamva zoti pemphero la agogo a pano limafika msanga. Che Stambuli anangomwetulira, kugwedeza mutu, osamva kanthu. Mwanaidi anawerama n'kuwafuulira m'khutu mawu onsewo, osasiyako ndi limodzi lomwe.

Madala aja anagwira mwanayo pamphumi n'kubweza dzanja msangamsanga. Thupi linali moto.

"Mayi, mukutani pano? Thamangani kuchipatala! Ine ndine wodula mitengo, sindine kanthu ine!"

Mayi uja ananyamuka liwiro. Pabwalo panatsala awiri, ndipo Mwanaidi anakoka mpando n'kukhala mbali ya khutu lomwe linali bwinoko.

"Ababa, mayi ameneyu wadutsa pageti la chipatala kubwera kuno, chifukwa cha makutu anuwo. Lero wafika mwana akupuma. Wamawa ndani akudziwa? Che Nasoro anapita, chigongono chija kulibe."

Che Stambuli anamutembenukira.

"Wakuuza ndani za Nasoro?"

"Palibe. Iwo sanauze munthu."

Anavula mzuli n'kumautembenuza m'manja. "Pansi paja ndimachita mantha, mwananga. Kale mkeka unkagwedezeka anthu akamadzuka, ndinkamvera m'maondo. Kapeti watsopano uja sagwedezeka. Ndimangodikira, ndikasuzumira ndipeza anthu aimirira kalekale. Ndiye amati ndikuyankhula ndi Mulungu? Ndimakhala ndikupempha kuti ndisachite manyazi, basi."

"Nanga anthu mukuwatumiza kuchipatala, inuyo simukudziwa njira yake?"

Che Stambuli anangovalanso mzuli wawo n'kulowa m'nyumba. Koma tsiku la madokotala litakwana anali atavala kale mkanjo wawo woyera, akumukalipira Mwanaidi kuti akuchedwa.

Lachisanu lotsatira kachipangizo kanali kuseri kwa khutu, mzuli atautsitsira mbali imeneyo. Shehe atanena Allahu Akbar, Che Stambuli anadzuka pamodzi ndi mzere wonse, ndipo swala itatha anali oyamba pansapato. Ena anakhumudwa ndithu, amvekere madala aja abwerera m'mbuyo. Moni wa manja awiri uja unathera pomwepo, iwo osadandaula n'komwe. Mwana wa Esitere anachira, ndipo mayi ake anafalitsa ku Sadzi konse kuti agogo aja anangomugwira pamphumi. Mwanaidi anayesa kukonza nkhaniyo mpaka anatopa.

Popita kunyumba Lachisanu lija, Mwanaidi anaona bambo ake akusisita nthiti zakumanzere.

"Mukumva kupweteka, Ababa?"

"Usafuule, ndikumva," anatero. "Shehe ndamumva bwinobwino, mawu onse. Koma nthitizi sizinauzidwe. Zimadikirabe Nasoro."