Machesi a m'Thumba la Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene bambo anga ndi a Sichali anasiya kupatsana moni. A Sichali tinayandikana nawo minda ku Chisenga, m'boma la Chitipa, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, ndipo chimene chinawadanitsa ndi bambo chinali mtengo umodzi.

Kwathu mawere, omwe timawatcha malezi, ankalimidwa paphulusa. M'nyengo yozizira amuna ankakwera m'mitengo n'kusadza nthambi, akazi n'kumazikokera pamodzi kuti ziume. Mvula ikayandikira miluyo inkatenthedwa, ndipo mbewu inkafesedwa paphulusapo. Nthambi zikachuluka, nkhokwe inkadzaza. Choncho bambo atasadza mtondo umene unali pamalire, a Sichali anati awabera chakudya cha ana awo. Bambo anati mtengowo unali wa makolo athu kuyambira kalekale.

Kutenthako kunali ndi lamulo lake. Munthu sankayatsa yekha. Ankayamba walambula udzu kuzungulira munda pamodzi ndi mnzake woyandikana naye, kenaka n'kulengeza tsiku. Pa tsikulo anthu ankadikira mphepo ikhale bata chakumadzulo, n'kuima m'mbali ndi nthambi zaziwisi zopunthira moto. Amene anakhalako ku Chitipa akuidziwa mphepo ya m'chilimwe: imakudyetsa fumbi ngakhale utatseka pakamwa.

Chaka chimenecho panalibe wolambula. Milu ya nthambi inauma gwa mbali zonse ziwiri, udzu wa pamalire unafika m'chiuno, ndipo kumunsi kwa mindayo, kumene mphepo inkalowera, kunali nkhokwe yathu. Munali chakudya chotsala ndi mbewu yonse ya chaka chotsatira.

Kenaka tinamva kuti a Sichali alankhula pamowa kuti adzatentha munda wawo tsiku limene adzafune, osauza munthu. M'mawa mwake bambo anapita kugolosale n'kugula bokosi la machesi. Sankasuta fodya. Analiika m'thumba la malaya, pachifuwa, pamene aliyense akanaliona, ndipo ankapita nalo ngakhale kutchalitchi.

"Machesiwo ndi a chiyani?" anafunsa mayi.

"Sindiyatsa ayi," anatero bambo. "Ndikungofuna adziwe kuti nanenso ndili nawo. Akayatsa, ndiyatsa."

Sipanapite nthawi, a Sichali nawonso anayamba kuyenda ndi bokosi lawo. Akakumana panjira, aliyense ankagwiragwira thumba lake ngati akuchotsa fumbi. Ana tinkaseka. Mayi sankaseka.

Tsiku lina m'mamawa anandidzutsa, anandipatsa khasu laling'ono, n'kutenga lawo ndi chikwakwa. Bambo anatipeza pakhomo.

"Mukakalambula pamenepo ndiye kuti tagonja," anatero. "Mudzi wonse udzati ndachita mantha."

"Moto ukabwera mudzauuze kuti simunachite mantha," anayankha mayi. "Tiye, Lusekelo."

Ntchitoyo inali yowawa. Nthaka inali youma moti khasu linkangodumpha, timinga ta udzu tinkalowa m'zovala, ndipo dzuwa lisanafike pamutu manja anga anali atatuluka matuza. Mayi sankalola zongopalapala. Ankafuna njira yotakata, yoti ngolo ingadutse, yopanda ngakhale kaudzu kamodzi, chifukwa moto umaoloka paudzu umodzi ngati munthu paulalo.

Patapita masiku angapo, akazi awo a Sichali, a Nalungwe, anatulukira ataika manja m'chiuno.

"Anyina Lusekelo, mwabwera kudzatisunthira malire?"

"Ndabwera kudzasuntha udzu. Malire ndawasiyira eni ndevu. Khasu muli nalo, kapena nalonso lili m'thumba la amuna anu?"

A Nalungwe anatsonya n'kubwerera. Ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma m'mawa mwake tinamva khasu likulira kumapeto ena a malire. Anali iwo ndi ana awo. Sanatipatse moni, nafenso sitinawapatse. Iwo ankalambula kubwera kwathu, ife kupita kwawo.

Njira ziwirizo sizinakumane. Pakati panali mtondo uja, ndipo amuna onse awiri analetsa kuti khasu lisagunde pafupi nawo mlandu usanaweruzidwe. Panatsala kadera ka udzu, kakang'ono ngati khonde la nyumba.

Moto unabwera masana, dzuwa likuswa mtengo, mphepo ili pachimake. Unachokera kuphiri. Mpaka lero palibe akudziwa amene anauyatsa. Ena amati anali anyamata osaka mbewa, ena ofula njuchi. Ndikukumbukira phokoso lake, ngati chimvula pamalata, ndi akabawi akuzungulira mu utsi kusaka ziwala. Unayamba ndi milu ya a Sichali, n'kuthamangira kwathu.

Bambo anafika akuthamanga, akukuwa dzina la a Sichali ndi mawu amene sindingawalembe m'nyuzipepala. Koma a Sichali nawo anatulukira kuchokera kudambo kumene ankamwetsa ng'ombe, akukuwa dzina la bambo. Anaima n'kuyang'anana, aliyense bokosi lake lili m'thumba, losatsegula.

"Mwaimiranji? Thyolani nthambi!" anakuwa a Nalungwe.

Pamene tinalambula, moto unafika n'kugwada. Unanyambita dothi, n'kusowa chodya. Koma pamtondo paja unadutsa ngati wapeza chitseko chotsegula, unagwira milu yathu, n'kuyamba kutsika kulunjika kunkhokwe. Tinaupuntha tonse, mabanja awiri, ndi nthambi za masuku. Utsi unkatibaya m'maso, mapazi ankapsa. Mayi anali kutsogolo, akupalira dothi ndi khasu n'kumaliwaza pamalawi. Tinaugonjetsa utafika kale pafupi, denga la nkhokwe litayamba kufuka. A Sichali ndiwo anakwera n'kuzula udzu woyakawo ndi manja.

Nkhokwe inapulumuka, mbewu inapulumuka. Phulusa silinapulumuke. Milu inapsa mvula ikadali kutali, ndipo mphepo inaliulutsa lonse. Chaka chimenecho mabanja onse awiri tinakolola mawere ochepa, ndipo njala ya mwezi wa Febuluwale inatipeza mofanana.

Madzulo a tsiku la motolo mayi anapisa dzanja m'thumba la bambo, anatulutsa machesi aja n'kukawaika kukhitchini.

"Kumeneko ali ndi ntchito," anatero.

Masiku ano ntchito yanga ndi yolemba nkhani, ndipo m'mawa uliwonse ndimawerenga zimene atsogoleri a mayiko akuluakulu akulankhula za mabomba a nyukiliya. Mabombawa anagwiritsidwapo ntchito pankhondo m'mizinda iwiri ya ku Japan mu 1945, ndipo a masiku ano ndi amphamvu kuposa amenewo. Mayiko amene ali nawo amanena kuti safuna kuwaponya, akungofuna mnzawo adziwe kuti nawonso ali nawo. Mawu amenewa ndinawamva koyamba pakhomo pathu, kuchokera kwa munthu wabwino, wopemphera, amene ankanena zoona kuti sadzayatsa. Sanayatsedi. Munda unapsabe.

Anzanga ena amati izi n'zakutali, sizitikhudza. Akafunse mlimi wa ku Chisenga zimene nkhondo ya kutsidya kwa nyanja inachita ndi mtengo wa feteleza. Ife ndife nkhokwe ya kumunsi, kumene mphepo imalowera.

Bambo ndi a Sichali sanakhalenso mabwenzi mpaka imfa inawalekanitsa. Koma chaka chilichonse chitatha chimenecho, udzu ukangouma, ankatenga makasu n'kukalambula malire, wina uku wina uku, osalankhulana, mpaka makasuwo atakumana pansi pa mtondo. Ndinaphunzira pamenepo kuti mtendere sudikira kuti anthu akondane. Ndi ntchito ya khasu, yogwira dzuwa likuwala, moto usanaoneke, pamodzi ndi munthu amene sukumufuna.

N'chifukwa chake sindisiya kulemba za nkhaniyi, ngakhale mkonzi wanga amati anthu atopa nayo. Ndikamva kuti mayiko odana akhala pansi kukambirana, sindiseka n'kumati ataya nthawi. Ndimangofuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi pamtondo asiyapo udzu wochuluka bwanji?